Zogumula za nyumba mu Lusaka: zipite ku Chunga, m'ngalande kapena pansi pa mseu?

LUSAKA – Munthu woyenda m'mawa mu mseu wa Alick Nkhata, pafupi ndi komboni ya Kalingalinga, amaona miulu ya miyala yophwanya, mcenga ndi mabuloko zikuyembekezera ogula. Akapitirira pang'ono kulowa ku Kabulonga kapena ku Woodlands, amakumana ndi matipa akutuluka m'mipanda atasenza zidutswa za zipupa za nyumba zakale, zimene zagwetsedwa kuti pamalopo pamangidwe maofesi kapena nyumba zosanja. Katundu woyambayo ndi wogula ndi ndalama. Waciwiriyo mwini wake amacita kulipira kuti acoke pakhomo. Komatu zonse ziwiri ndi mwala, mcenga ndi simenti, ndipo pakati pa malo awiriwa pali makilomita owerengeka cabe.

Nkhani ya zinyalala ikabuka mu mzinda wa Lusaka, anthu ambiri amaganiza za mapulasitiki, mabotolo ndi zoola za m'misika. Zibenthu za konkire, njerwa zosweka, dothi lofukulidwa pa maziko, matailosi ndi malata akutha sizichulidwa kawiri-kawiri, kaamba koti sizinunkha ndipo nchenche sizizitsata. Koma ndi zinyalala zolemera koposa zonse. Konkire yokwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake imalemera matani pafupi-fupi 2.4, ndipo siiola ngakhale papite zaka 50. Kumaiko a bungwe la European Union, kumene zinyalala zimayesedwa pa sikelo mosamala, zocokera ku nchito yomanga ndi kugumula zimapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a zinyalala zonse.

Lusaka ndi mzinda umene uli pa nchito yomanga usana ndi usiku. Kalembera wa m'caka ca 2022 anapeza kuti dziko la Zambia lili ndi anthu 19.6 miliyoni, ndipo boma la Lusaka lokha lili ndi anthu oposa 2 miliyoni. Simenti, imene kwa zaka zambiri inali kucokera ku kampani imodzi ya Chilanga yomwe inayamba m'caka ca 1949, tsopano ipangidwa ndi makampani angapo, kuphatikizapo fakitale ya Dangote imene inatsegulidwa ku Masaiti m'caka ca 2015. Kucokera m'caka ca 2018 kufika 2021 mzindawu unaona miseu ikukuzidwa ndi milatho ya pamwamba ikumangidwa pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Nchito iliyonse yotere imasiya zotsala, ndipo funso ndi lakuti zotsalazo zimathera kuti.

Yankho la pa pepala ndi lakuti zimapita ku Chunga. Dzala lalikulu limeneli, lomwe anthu ambiri amalicha kuti Marabo, linatsegulidwa m'caka ca 2007 ndi thandizo la dziko la Denmark, pa malo a mahekitala oposa 20 kumpoto kwa mzinda. Linakonzedwa mwaukatswiri, ndi colinga cakuti zinyalala zizitsinderedwa ndi kukwiriridwa, ndiponso kuti madzi oipa otuluka m'zinyalalazo asalowe pansi. M'kupita kwa zaka nchito yosamala malowo inabwerera m'mbuyo, utsi wa moto woyaka m'zinyalala unakhala dandaulo la anthu okhala pafupi, ndipo nyengo ya mvula mathiraki akhala akubvutika kulowa. Ziwerengero zimene akulu-akulu a khonsolo akhala akupereka zionetsa kuti mzindawu umatulutsa matani oposa 1,000 a zinyalala pa tsiku, ndipo gawo lalikulu silifika n'komwe ku Chunga.

Dzala lotere ndi lodula kumanga, ndipo kupeza malo ena pafupi ndi Lusaka, kumene munda uliwonse wasanduka mapuloti, si nchito yapafupi. Mwa ici, kudzaza malo a ku Chunga ndi zibenthu za konkire ndi kuononga cuma, pakuti konkire yoyera siifuna citetezo ca mtundu umene zoola za m'nyumba zimafuna. Mfundo imeneyi ndiyo inacititsa maiko a ku Ulaya kuyamba kucepetsa zogumula zopita ku madzala ao. M'caka ca 2008 bungwe la European Union linalamula kuti pofika 2020, magawo 70 pa 100 alionse a zinyalala zosaopsa za pa nchito yomanga ndi kugumula azigwiritsidwanso nchito.

Komabe amene afuna kukopera njira za ku Ulaya ayenera kuyamba waona kusiyana kumene kulipo. Kumeneko bvuto linali lakuti zogumula zinali kupita ku dzala mocuruka. Mu Lusaka bvuto lalikulu ndi lakuti zimatsitsidwa panjira. Woyendetsa tipa amene walipidwa kuti acotse zibenthu pa puloti ku Chalala kapena ku Ibex Hill amadziwa kuti ulendo wa ku Chunga ndi wodutsa mzinda wonse, m'mizere ya magalimoto, ndipo kumapeto kwake kuli malipiro a pa cipata. Amadziwanso kuti kuseri kwa mpanda wina kuli puloti yopanda mwini wooneka, kapena mphepete mwa mseu wafumbi kumene usiku kulibe womufunsa. Mafuta opulumutsidwa pa ulendowo ndiwo phindu lake.

Zotsatira zake zimaoneka mvula ikayamba. Zibenthu ndi mcenga zotayidwa m'mbali mwa mseu zimakokoloka kulowa m'ngalande. Pulasitiki yokha madzi amphamvu angathe kuikankha, koma ikakodwa pa cidutswa ca buloko imapanga ciphaka cimene dothi limaunjikana kumbuyo kwake, kufikira ngalande yonse itatsekeka. Akulu-akulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo njira yao ikatsekedwa amalowa m'nyumba za anthu. Pakati pa zaka za 2013 ndi 2018, dziko la America kupyolera mu bungwe la Millennium Challenge Corporation linaika ndalama zokwana madola 355 miliyoni pa nchito za madzi, zimbudzi ndi ngalande mu Lusaka, ndipo mbali ya ndalamazo inamangira ngalande yaikulu ya Bombay. Ngalande yomangidwa ndi ndalama zotere imagwira nchito pokhapo ngati mifolo yaing'ono yothira m'menemo ili yotseguka.

Madzi akasefukira ku Kanyama, Misisi, Chawama ndi makomboni ena, amadzaza zimbudzi zokumba ndi kulowa m'zitsime zosaya. Apa ndi pamene nkhani ya zibenthu imakumana ndi nkhani ya umoyo. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2017 unagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka ndi kupha pafupi-fupi 100. Umene unayamba mu October 2023 unali woopsa koposa, pakuti m'dziko lonse unagwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, bwalo la maseŵero la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira mwezi wa February 2024. Kunena kuti zibenthu za nyumba ndizo zinabweretsa kolera kungakhale kukokomeza. Gwero lake ndi kusowa kwa madzi abwino ndi zimbudzi zoyenera. Koma ngalande yotsekeka ndi imodzi mwa njira zimene uve umafikira pa khomo la munthu, ndipo cotsekacho nthawi zambiri cinatsitsidwa pa tipa.

Izi sizitanthauza kuti anthu a mu Lusaka sadziwa kugwiritsanso nchito zinthu zakale. Nyumba ikamagwetsedwa, zinthu zonse za mtengo wake zimacoka tsiku loyamba. Malata, zitseko, mafelemu a mazenera, matabwa a denga, mipope, mawaya a magetsi ndi masinki zimapeza ogula m'misika ya m'makomboni. Acinyamata amaswa konkire ndi hamala kuti atulutse zitsulo za m'kati, pakuti ogula zitsulo zakutha alipo, ndipo fakitale ya zitsulo ya ku Kafue imazisungunula ndi kupanga zatsopano. Buloko lotuluka lathunthu limapalidwa ndi kumangiranso cimbudzi kapena khola la nkhuku. Kumidzi ya cigawo ca kum'mawa, ku Katete, Petauke ndi Chipata, njerwa zosweka pa uvuni sizitayidwa: zimathiridwa m'maziko asanaikepo simenti ya pansi. Nzeru zimene maiko olemera anazibwezeretsa ndi malamulo, kuno umphawi unazisunga.

Cimene cimatsala pambuyo pa osankhawo ndico cimabvuta. Ndi mulu wosakanizika wa konkire, pulasitala, dothi, magalasi, zidutswa za siling'i, matumba a simenti, zitini za penti, ndipo kawiri-kawiri zinyalala za m'khichini zimene anansi amaponyapo akaona mulu. Mulu wotere ulibe wogula. Konkire ikadakhala payokha, ikadaphwanyidwa ndi kugulitsidwa ngati miyala. Ikasakanizika ndi matabwa ndi mapepala, womanga mseu sangailandire, cifukwa zoola zikaola pansi pa mseu, mseuwo umatitimira. Cotero mtengo wa zogumula umatsimikizika pa ola limene nyumba ikugwetsedwa. Amene agwetsa mwadongosolo, kuyambira denga kutsika pansi, naunjika ciliconse pa malo ake, amakhala ndi katundu. Amene agwetsa ndi cikatapila kamodzi n'kamodzi amakhala ndi zinyalala.

Pali nyumba zambiri mu Zambia zimene zinagwetsedwa mwa njira yaciwiriyi, ndipo ogwetsa ake anali a boma eni ake. Mu January 2018, pa nthawi ya kolera, asilikali anagumula misasa ya ogulitsa m'miseu ya pakati pa mzinda wa Lusaka. Mu August 2022 khonsolo ya Chingola inagwetsa nyumba zoposa 300 zimene zinamangidwa pa bwalo la ndeke la Kasompe. Mkangano umene unatsatira unali wa amene anagawa mapulotiwo ndi za cipukuta misozi, ndipo m'pomveka. Koma khonsolo imene igwetsa nyumba yomangidwa pa njira ya madzi, n'kusiya zibenthu zake pomwepo, imakhala itangosintha maonekedwe a cotsekacho. Dongosolo la kugwetsa liyenera kukhala ndi mzere wonena kumene zogwazo zidzapita, ndi ndalama za ulendowo.

Mbali ina ya nkhaniyi ili pansi pa mzinda weni-weniwo. Lusaka anamangidwa pa thanthwe la mwala wa laimu, ndipo kwa zaka zambiri anthu osauka akhala akudya za mwala umenewo. Ku Misisi, Chawama, Kanyama ndi Kalingalinga, amuna amafukula matanthwe, nthawi zina atawatentha ndi matayala akutha kuti ang'ambike, ndipo amai ndi ana amakhala pansi tsiku lonse kuwaphwanya ndi hamala, fumbi likulowa m'maso ndi m'cifuwa. Maenje otsala amadzaza madzi. Damu la Ngwenya ku Misisi ndi limodzi la maenje otere, ndipo m'maenje amenewa ana akhala akumira. Ndiye kuti mzinda umodzi womwewo ukukumba maenje atsopano kufuna miyala, uku ukutaya miyala ina m'ngalande.

Ena angati yankho ndi lapafupi: zibenthu zikathiridwe m'maenjemo. Ganizoli lili ndi nzeru, koma lilinso ndi msampha. Mwala wa laimu uli ndi ming'alu ndi mapanga, kotero kuti madzi a m'dzenje amafika msanga ku madzi a pansi pa nthaka, osasefedwa. Gawo lalikulu la madzi amene anthu a mu Lusaka amamwa limacokera m'zitsime zoboola, za kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation ndi za anthu pa okha. Konkire yoyera, njerwa ndi dothi zingathe kukwirira dzenje popanda ngozi. Mulu wosakanizika, wa penti, mafuta, phula ndi zoola, ukathiridwa m'dzenje lotere umakhala wathiridwa m'citsime. Zimene zimaoneka m'makomboni ambiri ndi zakuti tipa yoyamba imabweretsa zibenthu, anthu nayamika, ndipo pakutha mwezi malowo asanduka dzala la aliyense.

Coopsa koposa m'miulu imeneyi ndi asbestos. Nyumba zambiri za khonsolo ndi za migodi zimene zinamangidwa ufulu usanabwere ndi zaka zotsatira, ku Libala, Kabwata, Chilenje, Matero ndi m'matauni a ku Copperbelt, zinafoleredwa ndi malata a asbestos, amene anali kupangidwanso m'dziko muno ku Chilanga. M'caka ca 1996 boma la a Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za makhonsolo kwa amene anali kukhalamo, ndipo kuyambira pamenepo eni ake atsopano akhala akuzikuza, kusintha madenga kapena kuzigwetsa. Lata la asbestos likakhala lathunthu pa denga siliopsa kweni-kweni. Likasweka, kucekedwa kapena kuphwanyidwa, limatulutsa tiulusi tosaoneka ndi maso timene timakhazikika m'mapapo, ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mitundu yonse ya asbestos imayambitsa khansa, ndipo dziko la South Africa linailetsa kotheratu m'caka ca 2008.

Mfundo imeneyi iyenera kumveka bwino kwa aliyense wolimbikitsa kuphwanya zogumula. Zidutswa za asbestos zikalowa m'makina ophwanyira, kapena zikafika pansi pa hamala ya mai wophwanya miyala, nchito yabwinoyo imasanduka yakupha. Malata otere ayenera kutsitsidwa athunthu, atanyowetsedwa ndi madzi, kukulungidwa ndi kukwiriridwa pa malo apadera. Zinyalala zoopsa zili m'manja mwa bungwe la Zambia Environmental Management Agency, ZEMA, limene linalowa m'malo mwa Environmental Council of Zambia pansi pa lamulo la m'caka ca 2011. Koma mmisiri wa ganyu amene akusasula denga ku Matero kawiri-kawiri sanamvepo za ZEMA, ndipo mwini nyumba amaona zidutswazo ngati zabwino zothira pa matope a pakhomo, pamene ana amaseŵera.

Malamulo okhudza nkhaniyi alipo angapo, ndipo aliyense agwira mbali yake. Lamulo la zinyalala la m'caka ca 2018 linaika udindo pa makhonsolo ndi kuwalola kukhazikitsa makampani a nchitoyi, ndipo mu Lusaka munabadwa kampani ya Lusaka Integrated Solid Waste Management. Lamulo la mapulani a mizinda ndi zigawo la 2015 likhudza cilolezo comangira. Bungwe la National Council for Construction, limene lamulo lake la 2003 linalowedwa m'malo ndi la 2020, limalembetsa makontirakitala m'magiredi 6. Kampeni yoyeretsa dziko imene malemu a Levy Mwanawasa anaiyambitsa m'caka ca 2007, n'kutsitsimutsidwa m'caka ca 2018, inaphunzitsa anthu kusesa ndi kutola mapepala. Tsache ndi wilibala, komabe, sizicotsa matani 10 a konkire amene atsitsidwa usiku.

Ku Britain boma linasankha njira ya msonkho. Mu October 1996 linaika msonkho wa mapaundi 7 pa tani iliyonse ya zinyalala zopita ku dzala, ndi mapaundi 2 pa zosaola monga miyala ndi dothi. Msonkho waukuluwo unakwera caka ndi caka kufikira unapitirira mapaundi 100 m'caka ca 2023. M'caka ca 2002 anaonjezanso msonkho pa miyala ndi mcenga zokumbidwa catsopano. Makampani omanga anayamba kusankha zinyalala zao, cifukwa mulu wosakanizika unali kulipiritsidwa mtengo waukulu, ndipo pokonza malo a maseŵero a Olympics a ku London a 2012, zogumula zoposa magawo 90 pa 100 alionse zinagwiritsidwanso nchito. Koma ngakhale kumeneko, kumene kuli makamera ndi oyendera malo, makhonsolo a ku England akhala akulemba milandu yoposa 1 miliyoni pa caka ya kutaya zinyalala mobisa. Kukweza malipiro a pa cipata ca Chunga popanda kucita cina ciliconse kungangoonjezera matipa opita ku ngalande.

Citsanzo coyandikira ku Lusaka ndi ca mzinda wa Delhi ku India, umene nawonso uli ndi makomboni, fumbi ndi matipa otaya usiku. M'caka ca 2009 kumeneko anatsegula fakitale ku Burari yolandira zogumula, kuzisankha, kuziphwanya ndi kuumba mabuloko, mapeva ndi miyala ya m'mphepete mwa mseu. Phunziro lake lalikulu linali la msika. Kupanga katunduyo kunali kosabvuta, koma ogula anali kukaika, ndipo miulu inali kukula pa fakitale. Malamulo a dziko la India a m'caka ca 2016 anagwira mbali ziwiri. Analamula kuti wotulutsa matani 20 pa tsiku, kapena matani 300 pa mwezi pa nchito imodzi, apereke dongosolo la zinyalala zake kwa akulu-akulu a mzinda nchito isanayambe. Analamulanso kuti nchito za boma ndi makhonsolo zizigula gawo la katundu wao, magawo 10 kufika 20 pa 100, kucokera ku zogumula zokonzedwanso.

Mbali zonse ziwirizi zili m'manja mwa akulu-akulu a kuno. Womanga nyumba yaikulu amafika kale ku khonsolo kukapempha cilolezo, ndipo amabweranso kukatenga cikalata comulola kulowamo. Pakati pa maulendo awiriwa khonsolo ingathe kufunsa kuti pamalopo pagwetsedwa ciani, denga ndi la asbestos kapena ai, ndipo zotsala zidzapita kuti. Pamapeto n'kufuna malisiti a kumene zinatsitsidwa. Kontirakitala wogwidwa akutaya m'ngalande angamve kuwawa kweni-kweni ngati nkhaniyo ifika ku bungwe lomwe limamupatsa giredi, kusiyana ndi faindi yaing'ono imene amaiwerengera kale mu mtengo wa nchito. Zoona, nyumba zambiri za m'makomboni zimamangidwa popanda cilolezo ciliconse, ndipo njirayi singazifike. Koma si nyumba za zipinda ziwiri za ku Kanyama zimene zimadzaza matipa. Ndi masitolo akulu-akulu, malo othirira mafuta ndi nyumba zosanja, ndipo zonsezi zili ndi mafaelo ku Civic Centre.

Lisiti, komabe, ifuna malo oilemba. Ngati malo obvomerezeka ndi Chunga yekha, woyendetsa tipa wa kum'mwera kwa mzinda adzapitiriza kucita masamu ake akale. Cofunika ndi mabwalo angapo m'mbali zosiyana za mzinda, olandira konkire, njerwa ndi dothi zoyera kwaulere kapena pa mtengo wocepa, ndi kubweza kapena kulipiritsa kwambiri mulu wosakanizika. Kusiyana kwa mitengo kumeneko ndiko kungaphunzitse ogwetsa nyumba kusankha, koposa cikwangwani ciliconse. Makina ophwanyira oyenda pa matayala angathe kuzungulira mabwalowo. Ndipo anthu odziwa kale kusiyanitsa miyala ndi kukula kwake alipo: ndi amai omwe aja a m'mbali mwa mseu. Dongosolo limene lingawalande msika popanda kuwapatsa malo m'mabwalo atsopanowa lingapeze adani ambiri m'makomboni, ndipo adaniwo angakhale ndi cifukwa comveka.

Za wogula, wamkulu koposa onse ndi boma. Akatswiri a zomanga amadziwa kuti miyala yocokera ku konkire yakale imamwa madzi ambiri kuposa yatsopano, kaamba ka simenti yakale yomatirira, ndipo siyenera kuikidwa m'mizati ya nyumba zosanja popanda kupimidwa. Koma pansi pa mseu, m'mapeva, m'mifolo ndi m'mipanda imagwira bwino nchito. Phula lakale lopalidwa pa mseu nalonso limabwerera mu mseu. Bungwe la Road Development Agency likalemba m'mapangano ake kuti miyala yotere ndi yololedwa, ndi muyezo wake, makontirakitala adzayamba kuifunafuna okha. Makhonsolo nawo ali ndi mpata. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, CDF, linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'caka ca 2022, ndipo makhonsolo ambiri anagulira makina okonzera miseu. Miseu ya m'makomboni imene imasanduka matope mwezi wa January ifuna cinthu colimba pansi, ndipo ngakhale miseu ya m'kati mwa dzala la Chunga ifuna zomwezo kuti mathiraki azifika potsitsira.

Palinso zinyalala zimene sizikadayenera kukhalapo n'komwe. Pa mapuloti ambiri, mulu wa zibenthu umayamba nyumba isanafike pa mazenera. Mabuloko oumbidwa ndi simenti yocepa, kuti thumba limodzi litulutse ambiri, amasweka potsitsa pa thiraki. Matumba a simenti osungidwa pansi nyengo ya mvula amauma n'kukhala miyala. Mwini nyumba amasintha maganizo cipupa citaima kale, kapena woika mipope ndi wamagetsi amaitanidwa pulasitala atatha, n'kuyamba kugoba zipupa zatsopano. Zonsezi ndi ndalama za mwini nyumba, amene analipira katunduyo pogula ndipo adzalipiranso pomutaya. Kupanga simenti kumatulutsa pafupi-fupi magawo 7 kapena 8 pa 100 a mpweya wa carbon dioxide wa pa dziko lonse, koma kwa munthu womanga pang'ono-pang'ono ndi malipiro a pa mwezi, mtengo wa thumba limodzi ndi cifukwa cokwanira.

Nyumba yosamangidwa bwino ndiyo imasanduka zibenthu msanga. Mu October 2024 bungwe la NAPSA linatulutsa anthu onse ocita malonda mu Society Business Park, mu mseu wa Cairo, akatswiri atapeza zofooka pa kamangidwe ka mbali ina ya cimangoco, cimene cinali cisanathe ndi zaka 10 zomwe cikonzedwere. M'mseu womwewo muli nyumba zitali-zitali za m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, zimene tsiku lina zidzafuna kukonzedwa kwakukulu kapena kugwetsedwa. Imodzi yokha mwa izo ingatulutse matani zikwi zambiri pakati peni-peni pa mzinda, kumene kulibe puloti yopanda kanthu yobisapo. Dziko la Japan, pa lamulo lake la m'caka ca 2000, linalamula kuti wogwetsa nyumba ya masikweya mita 80 kapena kuposerapo adziwitse akulu-akulu nchito isanayambe ndi kusankha konkire, phula ndi matabwa pamalo pomwepo. Nyumba zambiri za ku Kabulonga ndi Rhodes Park zimene zikugwetsedwa lero ndi zazikulu kuposa muyezo umenewo.